Ana Athu ku Gulupu: Thandizo Limeneli Linayamba Bwanji?

Ambiri a ife kuno ku Kanjedza tinalowapo pa geti la chipatala cha Queen Elizabeth, chimene timangoti ku Gulupu, titabereka mwana wotentha thupi. Koma ndi ochepa amene amadziwa kumene thandizo la ana pa chipatalachi linachokera. Mwezi uno tiyeni tione mbiriyi, chifukwa muli phunziro la khomo lililonse.

Chipatalachi chinatsegulidwa mu 1958, dziko lino lidakali Nyasaland. M'zaka za m'ma 1960 Dr. Ankie Borgstein, mayi wochokera ku Netherlands, anayamba kusamalira ana odwala pamenepa, ndipo kwa zaka zambiri analibe mnzake pa ntchito ya udokotala wa ana. Nthawi imeneyo kunalibe sukulu ya madokotala m'Malawi. Wofuna udokotala ankapita kunja, ndipo ambiri sankabwerako.

Zinthu zinasintha mu 1991 pamene sukulu ya College of Medicine inatsegulidwa mu Blantyre, pafupi ndi Gulupu. Mmodzi mwa amene analimbikira kuti sukuluyi ikhalepo ndi Pulofesa John Chiphangwi, dokotala wa amayi oyembekezera. Ophunzira oyamba ankayambira maphunziro awo kunja, n'kudzamalizira m'mawodi a ku Gulupu, ndipo gulu loyamba linamaliza mu 1992. Gawo la matenda a ana pa sukuluyi ankalitsogolera Pulofesa Robin Broadhead. Mu 2021 sukuluyi inaphatikizana ndi ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing, n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences.

Kusintha kumene kumatikhudza kwambiri ife makolo kunachitika mu 2001. Kale mwana ankaonedwa potsata mzere: wofika m'mamawa ndiye woyamba. Zotsatira zake, mwana wa chimfine ankalowa kwa dokotala pamene mwana wobanika akutsirizika kumbuyo kwa mzere. Pulofesa Elizabeth Molyneux, amene anafika m'Malawi koyamba mu 1974, pamodzi ndi anzake anatsegula chigawo chapadera cholandirirako ana odwala mwakayakaya. Anamwino anaphunzitsidwa kuona mwana aliyense akangofika ndi kumuika m'gulu limodzi mwa magulu atatu: wofunika thandizo pompopompo, wofunika kuonedwa msanga, ndi wotha kudikira. Kusinthaku kusanachitike, pa ana 100 ogonekedwa ankamwalira 10 mpaka 18. Pambuyo pake chiwerengerochi chinatsika kufika pa 6 mpaka 8. Sikuti kunabwera mankhwala achilendo ayi. Chimene chinasintha kwambiri ndi nthawi imene mwana ankadikira. Njirayi, imene amaitcha ETAT, bungwe la WHO limaiphunzitsa m'maiko ambiri lero.

Kafukufuku wa malungo nayenso anakulira m'mawodi omwewa. M'zaka za m'ma 1980 Dr. Malcolm Molyneux ndi Dr. Terrie Taylor anakonza njira yoyezera mwana amene wakomoka ndi malungo a m'bongo. Amaona ngati maso ake akutsata chinthu, mmene akulirira, ndi mmene akuchitira akamva ululu. Njirayi imadziwika dziko lonse lapansi ndi dzina la mzinda wathu, Blantyre Coma Score. Mu 2015 ofufuza a pa Gulupu, pogwiritsa ntchito makina a MRI, anaonetsa kuti chimene chimapha ana ambiri odwala malungo a mtundu umenewu ndi kutupa kwa bongo.

Makanda obadwa masiku asanakwane nawonso anapindula. Makina otchipa othandiza khanda kupuma, otchedwa Pumani, anayesedwa pa chipatalachi mogwirizana ndi Rice University ya ku America, ndipo lero ali m'zipatala za m'maboma. Mu 2017 kunatsegulidwa Mercy James Centre, kumene ana amachitidwa opaleshoni ndi kusamalidwa akadwala kwambiri. Dokotala wa opaleshoni amene anatsogolera ntchitoyi ndi Pulofesa Eric Borgstein, mwana wa mayi aja anayamba okha m'ma 1960.

Kalembera wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti pa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwane zaka zisanu. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza 63. Katemera, masikito ndi alangizi a zaumoyo anathandiza kwambiri, komanso madokotala ophunzira konkuno. Komabe ana 63 si ochepa, ndipo ambiri amafika kuchipatala nthawi itatha kale.

Tsono ife tichitepo chiyani?

Choyamba, tidziwe zizindikiro zoopsa: mwana akupuma mobanika nthiti zikulowa m'kati, wagwidwa linjirinjiri, wakomoka kapena sakudzuka, akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, kapena watsegula m'mimba mpaka maso kulowa. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi, nalonso lisagone pakhomo. Tithamangire kuchipatala chapafupi, monga cha Limbe, ndipo akaona kuti n'zazikulu adzatitumiza ku Gulupu.

Chachiwiri, tikafika tisangokhala chete pa benchi chifukwa cha ulemu. Tiuze anamwino nthawi yomweyo zimene taona. Ndipo akalowetsa mwana wa mnzathu amene wabwera pambuyo pathu, tisafulumire kunena kuti pali tsankho. Mawa wolowa choncho akhoza kukhala wathu.

Chachitatu, abambo ndi amayi tigwirizane lero, mwana ali bwinobwino, kuti akadwala usiku mayi asadikire chilolezo. Buku la kuchipatala ndi kandalama ka ulendo zikhale pamalo odziwika kwa onse, ndiponso tidziwiretu nambala ya mnansi amene ali ndi galimoto.

Pomaliza, tikaona ophunzira atazungulira bedi la mwana wathu, tisadandaule kuti akuphunzirira pa ife. Amakhala pansi pa dokotala wamkulu, ndipo tili ndi ufulu wofunsa chilichonse chimene akuchita. Achinyamata amenewa ndiwo adzakhale madokotala ku Nsanje, ku Mangochi ndi ku Chitipa. Madokotala ndi anamwino anafupikitsa nthawi imene mwana amadikira pa mzere. Nthawi imene amadikira pakhomo, yofupikitsa ndife.