Lilime si nzeru

Nditapita kwathu ku Khuyu pa tchuthi, mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Folomu 2, anandipeza kugombe n'kundiuza mawu amene sanandichokebe m'mutu. Anati, "Malume, ine m'kalasi ya Chingerezi sindiyankhulanso." Nditafunsa chifukwa, anati tsiku lina powerenga anatchula "rake" pamene panalembedwa "lake". Aphunzitsi anamuimiritsa n'kumuuza kuti abwereze katatu, kalasi yonse ikufa ndi phwete. Mwana wobadwira pachilumba, wopalasa bwato asanadziwe kulemba dzina lake, anasekedwa chifukwa cha dzina la nyanja yake yomwe. Kuyambira pamenepo sakwezanso mkono, ngakhale mawu atamuvuta tanthauzo.

Ndikutsutsana ndi aliyense amene amati chipongwe chotere ndi maphunziro. Alipo ambiri, m'masukulu, m'maofesi mwathu m'boma ndi m'magulu ofunsa anthu ofuna ntchito. Munthu akangophonya katchulidwe amatsinzinirana maso, ndipo zonse zimene wanena zatayika.

Mnyamatayo sanalakwe chifukwa cha umbuli. M'Chichewa "l" ndi "r" ndi liwu limodzi. Malamulo a kalembedwe amangoti tilembe "r" pambuyo pa "i" ndi "e", monga mu kulira ndi kulera, koma tanthauzo silisintha ngakhale munthu atatchula mwina. Khutu limene lakulira m'chiyankhulo chotere silimva kusiyana kumene Mngerezi amamva, mpaka wina ataliphunzitsa modekha. Komanso ife tili ndi malembo a liwu asanu okha, pamene Chingerezi cha ku England chili ndi maliwu otere pafupifupi 20. N'chifukwa chake "hat", "hut", "heart" ndi "hurt" ambirife timawatchula mofanana. Maphatikizo athu amathera pa lembo la liwu, ndiye "school" anasanduka sukulu ndipo "steamer" anasanduka sitima, imene timaidikira padoko mpaka lero. Kodi amene anapanga mawu amenewa anali mbuli?

Tsono Chingerezicho chili ndi misampha yakeyake. Mu "though", "through", "tough" ndi "cough" muli zilembo zinayi zofanana, koma katchulidwe kosiyana kanayi. Mu "island" muli "s" wosatchulidwa. Mzinda wa Leicester autchula ngati theka la zilembo zake kulibe. Mwana amene amaona mawu m'buku mokha, osawamvapo kwa wina, angazidziwe bwanji zimenezi popanda kufunsa? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ife tikumulanda mwanayo funso, kenako n'kumudzudzula kuti wadya phula.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti chipongwechi chimayenda mbali imodzi. Mlendo akatsika Ilala n'kulephera kusiyanitsa kuponya ndi kuphonya, kapena mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, timamuombera m'manja kuti akuyesetsa. Sitilakwa kutero. Koma bwanji ulemu womwewo timaumana mwana wathu amene akulimbana ndi chiyankhulo chachiwiri, mwinanso chachitatu? Ndipo osekawo ndani? Ndi ife tomwe amene timati "I am coming" tikuchoka, chifukwa m'mutu mwathu muli "ndikubwera". Anyani amasekana zikundu.

Ife a ku Likoma tili ndi chifukwa chapadera chochitira manyazi. Amishoni a UMCA atakhazikika pachilumbachi mu 1885, anakhala pansi n'kuphunzira Chinyanja cha makolo athu. William Percival Johnson anathera zaka zambiri akumasulira Baibulo m'Chinyanja cha kunyanja kuno. Anthu ophunzira ku Oxford, iye ndi Chauncy Maples, anafunsa asodzi matanthauzo a mawu, ndipo agogo athu anawawongola lilime osawathamangitsa. Amisiri amene anamanga tchalitchi chachikulu cha St Peter's kuyambira mu 1903 sanasankhidwe potengera katchulidwe ka "brick". Njerwa zawo zilipobe. Tikayang'ananso kutsidya timaona mapiri a Mozambique, kumene abale athu a ku Cóbuè amayezedwa nzeru ndi Chipwitikizi. Mwana yemweyo akanabadwira tsidya ilo, "lake" sakanamuchititsa manyazi. Muyezo wotani wa nzeru umene umasintha munthu akangowoloka ndi bwato?

Ena adzati ndikufuna ana asiye Chingerezi. Ayi ndithu. Ndikudziwa kulemera kwake kuposa osekawo, pakuti makalata onse a ku ofesi ndimalemba m'Chingerezi. Wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko lino limati phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Lamulo la maphunziro la 2013 linachiika kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Khomo lililonse lili ndi loko wa Chingerezi. Ndiye chifukwa chake kuseka mwana ndi mlandu waukulu. Amene watseka pakamwa lero adzalephera mayeso mawa, ndipo dziko lidzataya namwino kapena woyendetsa sitima chifukwa cha lembo limodzi.

Enanso adzati katchulidwe n'kofunika kuti anthu amvane. Ndikuvomera. Namwino asasokoneze "fifteen" ndi "fifty" popereka mankhwala. Pamenepo mphunzitsi awongole, abwereze, asonyeze pamene mawuwo amatsindikidwa. Koma kumvana ndi kwina, kutengera kayankhulidwe ka m'mphuno n'kwinanso. Munthu wa ku Glasgow sayankhula ngati wa ku London. Wa ku Lagos ndi wa ku Delhi ali ndi Chingerezi chawochawo, ndipo amachita malonda ndi dziko lonse osapepesa. Ndife tokha kodi amene tiyenera kubwereka mphuno tisanatsegule pakamwa?

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi lapafupi. Muuzeni mwana chifukwa chimene liwulo likumuvutira, kuti adziwe kuti vuto lili pakati pa ziyankhulo ziwiri, osati m'mutu mwake. Mulole afunse tanthauzo m'Chichewa. Kwa anzanga a m'maofesi ndikuti, mvetserani zimene munthu akunena musanaweruze mmene akuzinenera. Ndipo ife olemba, amene timadzitama kuti timakonda Chichewa, tileke kuika munthu wa Chingerezi chothyoka m'nkhani ndi m'masewero athu kuti akhale chidole choseketsa.

Madzulo a tsiku lija ndinakhala ndi mnyamatayo pamchenga. Ndinamusonyeza kuti pa "l" nsonga ya lilime imagunda kuseri kwa mano akumtunda, pa "r" siigunda. Dzuwa lisanalowe anali akusiyanitsa. Koma nditamufunsa ngati adzakwezenso mkono m'kalasi, anangoyang'ana kunyanja n'kuti, "Ndiona, malume."