Feteleza sangateteze mungu wa chimanga

Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chomwe chinadza ndi El Niño ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni omwe anabzalidwa chinapserera m'munda. Zokolola zinatsika kuchoka pa matani pafupifupi 3.3 miliyoni kufika pa 1.5 miliyoni. Ife a kuno ku Kafue sitinadikire wailesi kuti itiuze. Saka ya unga ya 25kg inadutsa K300, mabanja a ku Zambia Compound ndi ku Shikoswe anabwerera ku pamela, ndipo panafika nthawi yoti malaiti ankabwera maola atatu okha pa tsiku, m'tawuni yomwe Kafue Gorge ili pakhomo pomwepa.

Kuyambira pamenepo nkhani za m'maminibasi, m'matchalitchi ndi pa Facebook zakhala ziwiri: mvula ndi feteleza. Uyu akuti tipemphere, uyo akuti FISP yachedwa, winanso akuti NCZ idzuke. Aliyense ali ndi mfundo yake. Koma pali mdani wachitatu yemwe sitimutchula, ngakhale amatiwotcha tsiku lililonse la Okutobala, ndiye kutentha kwenikweniko. Timaganiza kuti kutentha ndi mthunzi chabe wa chilala, kuti mvula ikangogwa mlandu watha. Chimanga chimatsutsa.

Mu 2011 David Lobell wa ku Stanford ndi akatswiri a bungwe la CIMMYT anasanthula zotsatira za minda yoyesera chimanga yoposa 20,000 mu Africa muno. Anapeza kuti tsiku lililonse lomwe kutentha kwakwera digiri imodzi pamwamba pa 30°C limadula zokolola ndi 1 peresenti ngakhale mvula ikugwa bwino, ndipo kukakhala chilala limadula 1.7 peresenti. Werenganinso pamenepo: ngakhale mvula ikugwa bwino. Ndiye kuti munthu angathe kupemphera mvula n'kugwa, angathe kulandira matumba ake a D compound ndi urea pa nthawi yake, koma dzuwa n'kumubera ndithu.

Kuti timve mmene limabera, tiyang'ane dzira. Choyera cha dzira laliwisi chimakhala chamadzimadzi. Mukachiika pa mbaula chimauma ndipo sichibwereranso. Chimene chachitika n'chakuti mapuloteni a m'dziramo, omwe anali opindika mwa dongosolo lake, amasuka n'kuundana. Chamoyo chilichonse chimayendera mapuloteni otere, ndipo puloteni imagwira ntchito pokhapokha ikhale yopindika bwino, monga kiyi yemwe akapindika pang'ono satsegulanso loko. Kutentha kukakwera, m'maselo a tsamba la chimanga mumayambika zomwe zija za pa mbaula, pang'onopang'ono.

Zamoyo zili ndi alonda ake. Mu 1962 Ferruccio Ritossa, wofufuza wa ku Italy, anapeza kuti wina wakweza kutentha kwa bokosi lomwe ankasungiramo mphutsi za tintchentche ta pa zipatso. Poyang'ana pa maikulosikopu anaona kuti majini ena omwe anali chete adzuka mwadzidzidzi. Mu 1974 Alfred Tissières ndi anzake anasonyeza mapuloteni omwe majiniwo amapanga. Mapuloteni amenewa ndiwo amatchedwa heat shock proteins, mwachidule HSP, ndipo amapatsidwa manambala malinga ndi kulemera kwake: HSP70, HSP90, HSP101. Ntchito yawo ndi kugwira puloteni yomwe yayamba kumasuka isanaundane ndi inzake, kuithandiza kupindikanso, kumasula zomwe zamatana kale, ndi kuperekeza zowonongekeratu kokaphwanyidwa. Ali mu yisiti, ali mu nsomba za mu mtsinje wathuwu, alinso mwa inu mukuwerenga apa. Mu 2000 gulu la Susan Lindquist ndi Elizabeth Vierling linasonyeza kuti kachomera kotchedwa Arabidopsis kakachepetsedwa HSP101 kamafa pa kutentha komwe kanzake kamapirira. Chinanso chodziwika bwino n'chakuti chomera chomwe chayamba chalawa kutentha pang'ono chimapirira kutentha kwakukulu kuposa chomwe chadzidzimutsidwa, chifukwa alonda amakhala atadzuka kale.

Tsono apa ndi pomwe pali bala la chimanga chathu. Mu 1990 ofufuza awiri a ku France, Dupuis ndi Dumas, anapeza kuti mungu wokhwima wa chimanga sutha kupanga ma HSP ukatenthedwa, pomwe mbali yaikazi ya chimanga imapanga. Kutentha kukapitirira 36°C kubereka kumagwa kwambiri. Kumbukirani kuti ndevu iliyonse ya chimanga imapita ku njere imodzi, ndipo njereyo imakhalapo pokhapokha mungu wamoyo wochokera pa ngayaye ugwere pa ndevuyo. Nthawi yonse ya ntchitoyi ndi sabata imodzi kapena ziwiri. Dzuwa likaswa mtengo sabata imeneyo, mudzaona phesi lobiriwira, lalitali, lodya feteleza mokwanira, koma chitsononkho chake njere apa ndi apo ngati m'kamwa mwa agogo. Palibe thumba la urea lomwe lingadzutse mungu wakufa.

Kutentha kukakumana ndi chilala zimafika poipa. Tsamba lili ndi timabowo tomwe limatulutsira nthunzi kuti lizizire, monga ife timachitira thukuta. Madzi akachepa limatseka timabowoto kuti lisaume. Likatseka limatentha koposa. Mu 2013 Jill Cairns ndi anzake a ku CIMMYT anafalitsa zomwe anapeza atayesa mitundu yambiri ya chimanga: kupirira chilala ndi kutentha pamodzi ndi mphatso ina, yosiyana ndi kupirira chilala chokha kapena kutentha kokha. Choncho paketi ya mbewu ikalembedwa kuti imapirira chilala, yayankha theka la funso. Pitani kwa wogulitsa mbewu aliyense mumufunse kuti mbewu iyi imatani pa 36°C chimanga chikamamasula. Adzakuuzani za masiku okhwimira ndi matumba pa hekitala. Sitikumunena iye, funsolo palibe amene anamupatsa yankho lake, chifukwa ifenso sitifunsa.

Tikudziwa chomwe ena anene. Akuti izi n'za azungu a ndalama zambiri, ife tili ndi njala ya lero. Mawu amenewa ndi omwe atisauka nawo. Mu 2015 gulu la Lin Hongxuan ku Shanghai linapeza jini yotchedwa TT1 yomwe imathandiza mpunga kuchotsa msanga mapuloteni owonongeka ndi kutentha. Mu 2022 gulu lomwelo linafalitsa ina, TT3. Mtundu wamphamvu wa majini onse awiriwa anaupeza mu Oryza glaberrima, mpunga wa mu Africa womwe alimi a ku West Africa anayamba kulima zaka masauzande zapitazo. Chuma chinali m'nkhokwe za Africa. Amene anachiwerenga ndi a ku China, chifukwa boma lawo linaona kuti kutentha kwa mawa ndi nkhani ya mbale ya mpunga, n'kuikapo ndalama. Sanabe kanthu. Anangogwira ntchito yomwe ife timati si yathu.

Nanga ife tilibe nkhokwe? Mukakwera basi kupita ku Lusaka mumadutsa Chilanga. Pa Mount Makulu pamenepo pali likulu la ZARI, bungwe la boma lofufuza za ulimi, pali nkhokwe ya mbewu za dziko lino, palinso SCCI yomwe imavomereza mbewu zisanagulitsidwe. Ku Chalimbana, m'boma la Chongwe, kuli nkhokwe ya mbewu ya mayiko onse a SADC. M'menemo muli mapira, mawere, khobwe ndi chimanga cha makolo chotoledwa m'zigwa zotentha momwe anthu akhala akusankha mbewu yopirira mibadwomibadwo. Ofufuza athu si aulesi: anatulutsa mapira a Kuyuma ndi Sima, ndipo agwira ntchito ndi CIMMYT pa chimanga chopirira chilala. Koma ndi angati mwa ife tinamvapo phungu akufunsa mu nyumba ya malamulo kuti Mount Makulu yalandira zingati chaka chino?

Yankho lili mu bajeti. Kuyambira 2002 dziko lino lakhala likugula feteleza wotchipa wa alimi, ndipo lero FISP imafikira alimi oposa 1 miliyoni. Zaka zambiri FISP ndi FRA zakhala zikudya gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi, kafukufuku n'kumatola nyenyeswa. Mayiko a African Union anagwirizana zoika 1 peresenti ya chuma cha dziko pa kafukufuku, Zambia sinafikepo. Chifukwa chake sichobisika. Thumba la feteleza limajambulika, wandale amaima pambali pake atavala chipewa. Mbewu yatsopano imatenga zaka zambiri kuti ituluke, ndipo ikamatuluka mwina wina ndiye ali pa mpando. Boma lililonse, la chipani chilichonse, lasankha chithunzi. Ifenso taombera m'manja. Pamene izi zikuchitika, anzathu omwe anamaliza biochemistry ndi za ulimi pa UNZA akhala m'tumabuthu ta mobile money, kuwerenga ndalama za anthu ena.

Ndipo nkhaniyi sithera m'munda. Ife okhala m'mphepete mwa Kafue Flats udzudzu timaudziwa. Kachirombo ka malungo, Plasmodium falciparum, kamachoka mu udzudzu wozizira n'kulowa m'thupi la 37°C, kenako thupi limatentha mpaka 40°C pofuna kukapha. Kamapulumuka bwanji? Ndi ma HSP ake. Kalinso ndi HSP101 yakeyake yomwe imakankhira mapuloteni ake m'maselo ofiira a magazi athu kuti kawasandutse nyumba. Mu 2021 gulu la Alfred Cortés ku Barcelona linapeza puloteni ya AP2-HS yomwe imadzutsa chitetezo chimenechi. Tizirombo topanda puloteniyo timalephera kupirira kutentha kwa thupi, ndipo timafooka msanga ndi artemisinin, mankhwala omwe ali mu Coartem. Izi si nthabwala pomwe ku Rwanda, Uganda ndi Eritrea kwapezeka kale tizirombo tochedwa kufa ndi artemisinin. Ku South Africa, Addmore Shonhai wa pa University of Venda wathera zaka zambiri pa ma HSP a malungo, kufunafuna pomwe mankhwala atsopano angakanthe. Yunivesite imeneyo ili ku Thohoyandou, kutali ndi Johannesburg. Ngati Thohoyandou ikutha, Ndola yomwe ili ndi bungwe lofufuza lomwe linkatchedwa TDRC ingalephere chifukwa chiyani? Kwina mankhwala afika kale m'zipatala: mu 2022 Japan inavomereza pimitespib, mankhwala otseka HSP90, pa khansa ina ya m'mimba.

Tisanamizane, ma HSP si mankhwala a sing'anga ochiza zonse. Chomera chomwe alonda ake ali maso usana ndi usiku chimawononga mphamvu ndipo chikhoza kupinimbira. Kupirira kutentha kumadalira majini ambiri, mizu, masamba ndi nthawi yomasulira, ndipo zomwe zatheka mu labotale zimagwa kawirikawiri zikafika m'munda. Wina akadzabwera ndi botolo lopopera kapena mapilisi a pa WhatsApp akuti amadzutsa ma HSP, gwirani thumba lanu. Komanso wina asakuopsezeni ndi dzina la GMO kuti nkhani ithe. Dziko lino linakana chimanga cha GMO mu 2002 nthawi ya Levy Mwanawasa, ndipo mkangano umenewo uli ndi tsiku lake. Ntchito yomwe tikunenayi yambiri ndi yakalekale: kubzala mitundu mazanamazana pamalo otentha, kuona yomwe mungu wake wapulumuka, kukwatitsa yabwinoyo, n'kugwiritsa ntchito labotale kuti kusankha kufulumire. CIMMYT imachita zimenezi ku Chiredzi, m'chigwa chotentha cha Zimbabwe.

Boma lathu lino la Kafue lili ndi Chiredzi wakewake. Chiawa, kumunsi ku Zambezi, ndi ng'anjo yeniyeni mu Okutobala ndi Novembala, ndipo madzi othirira ali pomwepo. Ku Chanyanya kulinso minda yothirira. Mount Makulu ili pa msewu womwewu. CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022 ndipo yakweranso kuyambira pamenepo. Makomiti a m'mawodi ndi omwe amatumiza zopempha, ndipo m'makomitimo achinyamata ali ndi ufulu wolankhula. Tipite tikapemphe munda woyesera mbewu ku Chiawa, woyendetsedwa ndi ZARI, wolemba ntchito anyamata ndi atsikana a kuno omwe anaphunzira sayansi, zotsatira zake zizimatidwa pa khoma la khonsolo m'Chinyanja ndi m'Chigoba. Tiuze SCCI kuti mbewu iliyonse yatsopano iziyesedwanso pa kutentha, ndipo zomwe zapezeka zizilembedwa pa paketi pambali pa masiku okhwimira. Ndipo aliyense wofuna voti yathu, akamaliza kuwerenga matumba a feteleza, timufunse kuti ZARI aipatsa zingati, atchule nambala tilembe.