Kuwala kwa Chauta pa zitsa za kwa Simlemba

Lamulungu lapitali madzulo, tikuchokera kokaona wodwala, tinaima m'mbali mwa msewu kuno kwa Simlemba. Dzuwa linali likulowa, thambo lonse lili psuu, minda ya fodya ikunyezimira. Mayi wina wa mvano amene tinali naye anati, "Abambo, taonani ulemerero wa Mulungu!" Ndinavomera, koma maso anga anagwera pa zitsa.

Ojambula zithunzi a ku America a m'zaka za m'ma 1800 ankaganiza ngati mayiwa. Gulu lawo, lotchedwa Hudson River School, linkaona kuwala kogwera pa mapiri ndi mitsinje ngati umboni wakuti Mlengi ali pomwepo. Mu 1836 mtsogoleri wawo, Thomas Cole, adajambula chithunzi chotchedwa The Oxbow: mbali ina nkhalango ndi mitambo ya mkuntho, mbali ina minda yowala ndi dzuwa m'mbali mwa mtsinje wa Connecticut. Ambiri amati mindayo ndiwo madalitso. Koma chaka chomwecho Cole adalemba modandaula kuti nkhwangwa ikumaliza kukongola kwa dziko lake.

Ifenso tili pomwepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzuwa timaliona lonse mpaka kulowa chifukwa misuku ndi miombo imene inkatitchinga idathera m'zigafa ndi m'mabani owotchera fodya. Sindikuloza munthu chala. Zigafa zanga zitatu sizidagwe kumwamba, ndipo mkazi wanga masiku ano amalawira m'mamawa kukafuna nkhuni zimene kale ankatola kuseri kwa nyumba.

Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher adakhazikitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976. Aluso akumeneko adationetsa kuti nkhani za chikhulupiriro zingajambulidwe ndi nkhope zathu zomwe. Chatsala n'kujambula dziko lathu mosabisa kanthu. Inu ojambula, mukadzafika kuno jambulani dzuwa lathu lokongolalo, koma musasiye zitsa.

Ndipo ife a mipingo, nyengo yodzala mitengo imayamba mu Disembala. Bwanji mpingo uliwonse uyambe nazale yake panopa, kuseri kwa tchalitchi? Ine ndalonjeza mbande makumi asanu. Mukadzandiona ndikuyamikira kulowa kwa dzuwa ndisanadzale, mudzandifunse pagulu.