Pogula laputopu ya magemu musatengeke ndi nambala

Masiku ano mwana akati mumugulire laputopu ya kusukulu, kholo liziyamba lafunsa kuti sukulu yake ndi iti. Nthawi zambiri m'mutu mwa mwanayo mumakhala mulinso gemu ya mpira kapena ya mpikisano wa magalimoto. Kusewera si mlandu. Chodandaulitsa n'chakuti ndalama za soya kapena fodya za chaka chonse zimathera pa kasitika kamene kamamatidwa m'munsi mwa mabatani.

Kasitikako kamatchula chipangizo chimene achinyamata amati graphics card. Ndicho chimakonza zithunzi zonse zoyenda pa sikirini, ndipo makampani odziwika pochipanga ndi Nvidia, AMD ndi Intel a ku America. Pafupifupi m'malaputopu onse chipangizochi amachiwotcherera ku bolodi, moti sichisinthika ngati batire. Mukalakwitsa pogula, mwalakwitsiratu.

Ine maganizo anga ndi akuti nambala yaikulu pa sitika isatibe mtima. Tiyeni tione zipangizo zimene Nvidia idatulutsa m'malaputopu mu 2023. RTX 4050 ili ndi memore ya 6GB, RTX 4060 ili ndi 8GB, pamene RTX 4070 nayonso ili ndi 8GB yomweyo ngakhale mtengo wake ndi wokwererapo. Kuonjezera apo, wopanga laputopu ndiye amasankha mphamvu ya magetsi yopita ku chipangizocho, kuyambira mawati 35 mpaka 115.

Apa ndiye pagona nkhani. Malaputopu awiri olembedwa RTX 4060 akhoza kusiyana kutali, monga ng'ombe ziwiri za khola limodzi, ina yokhuta ina yanjala. RTX 4070 yopanikizidwa m'kalaputopu kopyapyala ndi mawati ochepa ikhoza kulephera kusiya m'mbuyo RTX 4060 yopatsidwa mphamvu zake zonse. Ndiye mwalipiriranji ndalama zoonjezerazo? Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Dzinalo limasocheretsanso pena. RTX 4090 ya mu laputopu si yofanana ndi ya kompyuta ya pa tebulo. Ya mu laputopu ili ndi 16GB pamene inzakeyo ili ndi 24GB, ndipo mtima wake ndi wa mtundu umene uli mu RTX 4080 ya pa tebulo.

Ena anganene kuti ndi bwino kugula champhamvu kwambiri kuti chikhalitse. Mfundoyo ndi yomveka kwa amene thumba lawo n'lakuya. Koma chimene chimakalambitsa msanga chipangizochi ndi kuchepa kwa memore. GTX 1650 ya mu 2019 ndi RTX 3050 yoyamba ya mu 2021 zili ndi 4GB. Magemu akale zimayendetsa bwino, koma magemu akuluakulu atsopano amadzaza 4GB nthawi yomweyo, zithunzi n'kumadukaduka. N'chifukwa chake ndikuona kuti banja lofunadi laputopu ya magemu liyang'ane pakatikati: chipangizo cha 8GB, monga RTX 4060 kapena RTX 5060 ya mu 2025, chokhala ndi mawati okwanira.

Komanso si mwana aliyense akufunika zonsezi. Ngati ntchito yaikulu ndi kulemba za kusukulu, magemu n'kumaseweredwa mwa apo ndi apo, chipangizo chobadwira limodzi ndi purosesa, monga Radeon 780M ya AMD, chimayendetsa magemu opepuka mukachepetsa kukongola kwa zithunzi.

Tisaiwalenso kumene tikukhala. Laputopu ya magemu imaonetsa mphamvu zake zonse ikakhala pa magetsi. Akangozima, liwiro limatsika ndipo batire silichedwa kutha. Tchaja yake nthawi zambiri imaposa mawati 150, pamene ya laputopu wamba imakhala ya mawati 45 kapena 65. Amene mumadalira sola yaing'ono, werengerani zimenezo. Fumbi la mwezi wa Okutobala nalo limatseka mipata yotulutsira mpweya, ndipo chipangizo chikatentha chimadzichepetsera chokha liwiro kuti chisapse.

Choncho musanatulutse ndalama, funsani wogulitsa zinthu zitatu: dzina lonse la chipangizocho, kukula kwa memore yake ndi mawati ake. Akamazemba, lembani nambala ya laputopuyo mukaifufuze pa intaneti. Ikakhala yakaunjika, auzeni atsegule gemu kwa theka la ola, inu mukumvetsera kulira kwa fani ndi kuona ngati zithunzi zikuyamba kudukaduka. Wogulitsa wachilungamo sangakane zimenezo, ndipo wokanayo musiyeni ndi katundu wake. Safunsa adadya phula.