Kalata ya kumudzi: Mbewa ya magalamu 50 isatithere thengo

Okondedwa amayi, amalume, achimwene ndi nonse a kumudzi, osaiwala anzanga muli kuno ku Dubai ndi ku Joni,

Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa likuwotcha ngati ng'anjo. Popeza mwakolola ndipo nyengo ya mbewa yafika, lero ndati ndilankhulepo za moto wa m'tchire.

Tiyambe ndi sikelo. Kambewa ka m'udzu ka mzere kumsana kaja, kamene ena amati mphera, kamalemera magalamu 50 kapena 60 basi. Kapuku nayenso ali chapomwepo. Kutalika kwake, kupatula mchira, sikuposa chikhatho cha munthu wamkulu. Kuti zilingane ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi pafunika mbewa pafupifupi 20, ndipo apo musanatumbule, musanafutse n'kuyanika. Ndiye munthu n'kutentha phiri lonse chifukwa cha mipani iwiri?

Musandimve molakwa, sindikunyoza mbewa ayi. Ndi ndiwo yabwino, ndipo anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu wa M1 amapezerapo ya sopo ndi makope. Ngakhale kunoku, Aluya a m'chipululu kale ankadya kanyama kodumphadumpha ka miyendo yaitali kotchedwa jerboa, kongofanana ndi mbewa zathu kukula kwake. Manyazi palibe. Vuto langa ndi machesi.

Tawerengani zimene moto umatenga. Udzu wofolera nyumba umapita, msipu wa mbuzi ndi ng'ombe umapita, timitengo tongophuka kumene timapserera, mapesi amene akadawolerana m'munda amasanduka phulusa louluka ndi mphepo. Mphepo ya Ogasiti ikatembenuka, nkhokwe ya mnzako yapsa. Mvula yoyamba ikagwa pa nthaka yambee, dothi limakokolokera m'mitsinje. La kumwera limakathera mu Shire n'kukadzaza damu la ku Nkula, kenako tidandaule kuti magetsi azima.

Kuno ndi kumene munthu umadziwira mtengo wa udzu. Mvula ya chaka chonse ku Dubai ndi pafupifupi mamilimita 100, pamene ku Lilongwe imaposa 800. Kapinga wa m'mbali mwa misewu amathiriridwa ndi mapaipi, ndi madzi a m'masuweji oyeretsedwanso. Mu 2003 boma linapatula malo a masikweya kilomita 225 otchedwa Dubai Desert Conservation Reserve, kuteteza tizitsamba ndi nyama za mu mchenga. Ife Chauta anatipatsa udzu waulere, ndiye tikuuyatsa.

Ndikudziwa ena munena kuti ukatentha mauna amaoneka msanga, ndiponso njala siidikira. Zoona. Koma agogo athu ankatsata mleka, kukumba ndi khasu ndi kutchera madiwa. Masiku ano kulinso kukwirira ndowa ya madzi n'kuika nyambo ya chimanga chokazinga pamwamba, m'mawa n'kukatola. Komanso mbewa imadya njere za udzu womwewo, imabisala momwemo. Mukautentha, chaka chamawa idzachokera kuti?

Amalume, chonde mukayankhule ndi amfumu kuti woyatsa thengo azilipa nkhuku. Anzanga tili kunja, potumiza ndalama mwezi uno tiwonjezerepo ya ndowa ndi khasu la ana.

Mundisungireko mpani umodzi wouma bwino, wathirathira mchere. Moni kwa onse.

Ndine mwana wanu,
wa ku Dubai