Mabiliyoni a Lotale Amafota Asanafike M'manja



Ana athu amaona pa Facebook nkhani za anthu opata mabiliyoni pa lotale ku America, ndipo ena ayamba kuganiza kuti juga ya pafoni ingawachotse mu umphawi. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Mu Novembala 2022, lotale ya Powerball inalengeza mphoto ya $2.04 biliyoni, yoposa zonse zam'mbuyo. Tikiti yamwayiyo inagulidwa ku California. Koma ndalama zimene zinalipodi m'thumba la mphoto tsikulo zinali $997.6 miliyoni, zosafika ndi theka lomwe. Nanga $2.04 biliyoniyo inachokera kuti? Ndi chiwerengero cha zonse zimene wopambana angalandire atavomera kulipidwa pang'onopang'ono, maulendo 30 m'zaka 29. Eni lotale amatenga ndalama zimene zilipozo n'kuzikongoza ku boma la America, ndipo chiwongoladzanja chake ndicho chimakwaniritsa nambala yolengezedwayo. Amene waphunzira fiqh wazindikira kale: gawo loposa theka la mphoto imeneyi ndi riba, yosanjikizidwa pamwamba pa juga. Ndi riba yomwenso sinabadwe, koma aiwerengera kale kuti akope anthu.

Wopambanayo anasankha kulandira zonse nthawi imodzi. Apo msonkho unalowa. Boma limadula 24 peresenti ndalama zisanatuluke, ndipo poti opeza zochuluka chotere amakhoma 37 peresenti, yotsalayo amailipira pambuyo pake. Zotsala ndi pafupifupi $628 miliyoni, zosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene analengeza. Iyeyu zinamuyenderako, chifukwa California sidula msonkho wakewake pa mphoto za lotale yake. New York imadula.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, $628 miliyoni n'zambiribe." Zoonadi. Koma mwayi woti tikiti imodzi ya $2 ipambane ndi umodzi mwa 292 miliyoni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi tinalipo 17.5 miliyoni. Tonse amene tinalipo nthawiyo, ndi makanda omwe, tikanagula matikiti 16 aliyense a manambala osiyana, sitikanamalizabe manambala onse. Ndipo mphotoyo ndi ndalama za anthu mamiliyoni amene analuza.

Ife juga sitiikana chifukwa choti malipiro ake ndi ochepa. Qur'an inailetsa mu Surat Al-Ma'idah, ndime 90, pamodzi ndi zoledzeretsa, ndipo ikanakhalabe haramu ngakhale akanapereka ndalama zonse osadulapo. Koma mwana wa Fomu 3 amene mwamuuza kuti "haramu" basi, akaona nambala yaikulu pafoni amayesa tikumumana chinthu chokoma. Ndikupempha anzanga a masamu kuti akamaphunzitsa za chiwongoladzanja teremu ino, awalembere ana $2.04 biliyoni pabolodi, achotsere okha mpaka apeze chotsala. Makolo nanunso muziwafunsa kumene ndalama za mayunitsi zikupita.