Poloti imodzi, malisiti a anthu awiri

Mlongo wanga anagula poloti kunja kwa mzinda wa Lilongwe mwa njira yafala masiku anoyi: uzilipira wogulitsa pang'onopang'ono, mapepala a umwini udzalandira ukamaliza. Anagwirizana miyezi 24, iye n'kulipira 19 osaphonya. Alamu anga atagonekedwa m'chipatala, anadumphitsa miyezi itatu. Tsiku limene anapitako ndi ndalama anapeza bambo wina akuumba njerwa pamalopo. Nayenso bamboyo ali ndi malisiti, olembedwa ndi dzanja lomwelo.

Wogulitsa sanachite manyazi. Anatulutsa kapepala kamene anasainirana, konena kuti ukaphonya mwezi malo abwerera kwa mwini ndipo ndalama sizibwezedwa. Achibale athu ena akuti wolakwa ndi mlongo wanga, poti anasaina yekha. Ine ndikukana. Banki ikalanda nyumba ya chikole imaigulitsa, imatengapo ngongole yake, zotsala n'kubwezera wokongola. Mkuluyu watenga malo, wadya ndalama za miyezi 19, wadyanso za wogula wachiwiri. Ngakhale wa katapila, amene timamunyoza tonsefe, safika pamenepa.

Anzathu a ku South Africa anaona msanga mbuna imeneyi. Lamulo lawo la Alienation of Land Act la 1981 limalola wogula amene walipira theka la mtengo kulamula kuti malo alembedwe m'dzina lake, ngongole yotsalayo n'kumangidwa pa malo omwewo ngati chikole. Mu 2014, pa mlandu wa Botha v Rich, Constitutional Court inaweruza nkhani ya mayi wa ku De Aar amene anagula malo pa R240 000, namalipira R4 000 pamwezi. Anaphonya atalipira kale pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Khoti linakana kuti ogulitsa athetse mgwirizano n'kusunga ndalama zonse. Linati mayiyo alipire zimene anatsalira, malo alembedwe m'dzina lake.

Sindikuti wogulitsa azigona ndi njala. Wochedwa kulipira alipire, ndi chiwongoladzanja chomwe. Koma aphungu athu alembe zimenezi m'lamulo momveka bwino, kuti mayi wogulitsa tomato asachite kufuna loya kuti adziwe kuti ndalama zake za miyezi 19 sizinapite m'madzi.

Pano mlongo wanga ndi bambo wa njerwa uja akukokana kwa amfumu, sapatsananso moni. Wogulitsa anaitanidwa kawiri. Foni yake sikupezeka.